Koyilo yaikulu siimva timibulu ta golide

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anyamata amene akugulitsa mbuzi ndi njinga kuti agule makina ofufuzira zitsulo m'nthaka. Ine ndine mmisiri wa mipope ku Area 25, ndipo makina otere ndakhala nawo zaka zingapo. Ndimasakira mapaipi achitsulo okwiririka, komanso zikhomo za malire a ploti anthu akayambana.

Chandilembetsa kalatayi ndi mwana wa mlongo wanga. Atamva kuti anzake akusefa golide ku Nathenje, anagulitsa mbuzi zinayi za amayi ake n'kugula makina akeake. Wogulitsayo, amene sindimutchula, anamuuza kuti koyilo, chimbale chija chokhala kunsonga kwa ndodo, ndi yaing'ono, awonjezere ndalama atenge ya mainchesi 15 kuti azimva golide wakuya. Patatha sabata ziwiri anabwera kwathu phewa litatupa, m'thumba muli misomali, zitsekerero za mabotolo ndi chidutswa cha khasu. "Malume, makinawa ngabodza," anatero, misozi ili m'maso. Zinandiwawa, chifukwa mbuzi zija ndinkazidziwa.

Tinapita kuseri kwa nyumba. Ndinakwirira khasu lakale m'dzenje lofika m'bondo, ndipo chapatali ndinabisa kandolo kakang'ono ka akazi anga, kuya kwake ngati chala chimodzi. Koyilo yake ya 15 inalira momveka pa khasu, koma pa ndolo inangodutsa zii. Yanga ya mainchesi 6 khasu sinalimve, koma itafika pa ndolo inalira mpaka mnyamatayo analumpha.

Nkhani yonse yagona pamenepo. Koyilo imatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka n'kumamvetsera chitsulo chikayankha. Ikakula, mphamvuyo imafika pansi ndithu, koma imamvetsera dothi lambiri nthawi imodzi, ndiye mawu a kanthu kakang'ono amamira. Zili ngati ukonde wa maso aakulu: kampango ugwira, usipa n'kudutsa. Tsono golide amene anthu akusefa m'mitsinje yathu kawirikawiri ndi fumbi ndi timibulu tochepa kuposa njere ya mpunga. Fumbilo palibe koyilo imene ingalimve, limafuna mbale ndi madzi. Ngakhale makina opangidwira golide, monga Minelab Gold Monster 1000, amagwiritsa ntchito makoyilo aang'ono, ina mwa iwo ndi ya mainchesi 5 okha.

Palinso dothi lathu la Lilongwe. Katondo ndi wofiira chifukwa muli chitsulo, ndipo koyilo yaikulu imamumva kwambiri. Makina amayamba kulongolola okha, iwe n'kuchepetsa mphamvu kuti atonthole, kuya kuja unalipira ndalama n'kutha pomwepo. Pansi pa mawaya a magetsi zimafika poipa. M'makomboni ngati Kawale kapena Mchesi, mmene nthaka yadzaza misomali ndi zidutswa za malata, chimbale chachikulu chimaphimba zinthu zitatu nthawi imodzi, osadziwa kuti chalira n'chiti. Kulemera sindinena, phewa la mnyamata uja lanena kale.

Sindikunyoza koyilo yaikulu, nanenso ndili nayo ndipo imandidyetsa. Pa munda wapoyera wamchenga, ndikamasaka chikhomo cha malire kapena chivindikiro cha chitsulo, ndimamaliza msanga chifukwa imasesa malo aakulu. Inandipezera tsiku lina peni ya mu nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ija yobooka pakati yokhala ndi njovu. Agogo anga ankasunga yotere pa chingwe. Ndinakhala pansi pomwepo, ndikuipukuta ndi malaya. Komabe pa ndalama yachitsulo, kuchoka pa koyilo ya 11 kupita pa 15 kumangowonjezera kuya pang'ono, osati kuwirikiza. Amene angakuuzeni kuti mudzamva kamphete pa mamita awiri akukunamizani.

Musaiwalenso kuti koyilo yopangidwira makina a kampani ina siilowa pa makina a kampani ina. Ngati dothi lanu ndi katondo, funsani koyilo ya mtundu wa DD, imene mawaya ake am'kati anapindidwa ngati zilembo D ziwiri, imapirira bwino. Ndipo kukumba miyala ya mtengo wapatali kumafuna chiphaso cha boma. Maenje anu muzikwirira, ana ndi ziweto zimadutsa pomwepo.

Kwa ogulitsa, pempho langa n'limodzi: lolani wogula ayese asanapereke ndalama. Abwere ndi chidebe cha dothi la kumene akukagwira ntchito ndi kandolo kamodzi, akwirire, ayese makoyilo onse awiri pamaso panu. Mwana wa mlongo wanga ndamubwereka yanga ya 6, ndipo yake ya 15 tikufunafuna woigula kuti tibweze ngakhale mbuzi imodzi m'khola la amayi ake.

Mmisiri wa mipope,
Area 25, Lilongwe