Lipoti la msonkhano wa chitetezo cha pa intaneti: kodi mapasiwedi a gulu tiwaike m'bokosi limodzi?

A Wapampando, akuluakulu a komiti, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu, landirani moni. Munandituma ku Lilongwe ku msonkhano wophunzitsa magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama za chitetezo cha pa intaneti, ndipo munandisenzetsa funso limodzi: kodi mapulogalamu osunga mapasiwedi, aja amati password manager, ndi odalirika moti tingawasungitse imelo ya gulu, tsamba lathu la Facebook ndi kaundula wathu wa pa Google Drive? Zina zomwe zinakambidwa kumeneko ndizikhudza pang'ono chakumapeto.

Yankho langa ndi lakuti inde, tiyambe kugwiritsa ntchito pulogalamu yotere. Koma ndikupemphani muwerenge lipoti lonse musanavomere, chifukwa kumeneko ndinamva nkhani ya kampani ina yomwe inandiimitsa mutu, ndipo sindingakubisireni.

Tiyambe ndi momwe tilili panopa. Pasiwedi ya imelo ya gulu ndi yomweyo ya Facebook, ndi yomweyonso yotsegulira kaundula wa masheya ndi ngongole. Inadutsapo pa WhatsApp pamene komiti ino inkalandira maudindo, ndipo amene anali m'komiti yakale akuidziwabe. Sindikuloza munthu chala, pakuti nthumwi zambiri zomwe ndinacheza nazo zinati kwawonso zili chimodzimodzi. Aphunzitsi anatifotokozera kuopsa kwake. Mbava za pa intaneti nthawi zambiri sizichita kulota pasiwedi ya munthu. Zimaba mndandanda wa maimelo ndi mapasiwedi pa webusaiti ina yofooka, kenako zimasiyira makompyuta kuti aziyesa mndandanda womwewo pa Gmail, pa Facebook, ku mabanki, usana ndi usiku. Mu 2012 LinkedIn, webusaiti yolumikizirana pa nkhani za ntchito, inaberedwa. Poyamba kunamveka kuti atuluka mapasiwedi 6.5 miliyoni, koma mu 2016 kunatulukira mndandanda wa maakaunti oposa 100 miliyoni ukugulitsidwa. Chaka chomwecho anthu ena analowa m'maakaunti a Twitter ndi Pinterest a Mark Zuckerberg, woyambitsa Facebook, ndipo iwo eni ananena kuti pasiwedi anaitola mumndandanda wa LinkedIn uja. Patadutsa zaka zinayi chiberedwe, pasiwedi yobwereza inali ikadatsegulabe zitseko.

Ntchito ya pulogalamu yosunga mapasiwedi ndi kuthetsa kubwereza kumeneku. Ili ngati bokosi lathu la ndalama lija: zonse zili m'kati, chofunika ndi kiyi. Imakupangirani pasiwedi yaitali, yosokonekera, ina pa webusaiti iliyonse, n'kuisunga. Inu mumangokumbukira pasiwedi imodzi yaikulu yotsegulira bokosilo. M'mapulogalamu ambiri, mapasiwedi amabisidwa pafoni panu pomwepo, ndi njira yotchedwa AES-256, asanatumizidwe ku makompyuta a kampani, moti kampaniyo imasunga bokosi lokhoma, pasiwedi yaikulu siidziwa. Chinanso chomwe chinandisangalatsa: pulogalamuyi imayang'ana adiresi ya webusaiti isanalembemo pasiwedi. Wina akakutumizirani linki ya tsamba labodza lofanana ndi la Facebook, maso athu atha kunyengeka, koma pulogalamu siidzazamo kanthu poti adiresi si yomwe inasunga.

Tsono nkhani ya LastPass. Iyi ndi imodzi mwa makampani odziwika kwambiri pa ntchitoyi. Mu Ogasiti 2022 inalengeza kuti mbava zinalowa m'makompyuta a opanga pulogalamu yake, koma inati katundu wa makasitomala sanakhudzidwe. Pa 22 Disembala chaka chomwecho inabweranso n'kuvomera kuti mbavazo zinakopera mabokosi a makasitomala omwe ankasungidwa padera ngati makope odzagwiritsa ntchito enieniwo akaonongeka. Momwe zinalowera ndi pomwe ndinazizidwa nkhongono. Zinalondola mmodzi mwa akatswiri anayi okha omwe anali ndi chilolezo chofika pamalowo, n'kumulowera pakompyuta ya kunyumba kwake kudzera m'pulogalamu yoonera mafilimu yotchedwa Plex yomwe inali isanakonzedwe kwa nthawi yaitali. Zinaikamo kachilombo kolemba batani lililonse lomwe iye ankadina, mpaka zinagwira pasiwedi yake yaikulu.

Mabokosi obedwawo anali okhoma ndithu. Maina olowera ndi mapasiwedi anali obisika. Koma maadiresi a mawebusaiti sanali obisika, choncho mbava zinkatha kuona kuti bokosi ili lili ndi akaunti ya banki, ili lili ndi ndalama za pa intaneti zotchedwa crypto, n'kusankha loyamba kuliswa. Ndipo bokosi likakhala m'manja mwa mbava, palibenso womuletsa kuyesa makiyi. Atha kuyesa mamiliyoni, mwezi ndi mwezi, palibe uthenga wobwera pafoni panu. Apa n'pomwe panaonekera kusasamala kwa kampaniyo. Pasiwedi yaikulu isanasanduke kiyi, imapotozedwa maulendo ambirimbiri kuti woyesa kulota azichedwa. Kuyambira 2018 LastPass inkapotoza maulendo 100,100 pa maakaunti atsopano, koma maakaunti ena akale anasiyidwa pa 5,000, ena pa 500, ena pa ulendo umodzi wokha. Lamulo loti pasiwedi yaikulu isachepere zilembo 12 nalo silinkakakamizidwa kwa makasitomala akale mpaka Januwale 2024. Mu Seputembala 2023 mtolankhani wa nkhani za chitetezo, Brian Krebs, analemba kuti ofufuza analondola ndalama za crypto zoposa madola 35 miliyoni zobedwa kwa anthu oposa 150, ndipo chomwe chinkawagwirizanitsa ambiri mwa iwo chinali chakuti anasunga mawu otsegulira ndalamazo mu LastPass. Kampaniyo yakhala ikunena kuti palibe umboni wotsimikiza kuti ziwirizi n'zolumikizana. Ine ndikuona kuti gulu losunga ndalama za anthu siliyenera kudikira umboni wa kukhoti kuti lichenjere.

Aphunzitsi atamaliza nkhaniyi, m'holomo munabuka mkangano. Mayi wina, msungichuma wa gulu lina, anaimirira n'kunena kuti iye apitiriza kulemba mapasiwedi m'kabuku kake kokhala m'dirowa yokhoma, chifukwa mbava ya kutsidya kwa nyanja siingatsegule dirowa ya kwawo. Anthu anaomba m'manja, ndipo aphunzitsi sanamutsutse kwenikweni. Inenso ndikuvomera kuti kwa munthu mmodzi wokhala ndi maakaunti awiri kapena atatu, kabuku kosungidwa bwino kakuposa kubwereza pasiwedi imodzi. Koma ife ndife gulu. Komiti imasintha, mlembi amadwala, msungichuma amapita kumaliro kumudzi n'kukhalako sabata. Kabuku kakakhala kutali, chimachitika n'chiyani? Wina amajambula tsamba n'kutumiza pa WhatsApp, ndiye tabwerera pomwe tinayambira. Komanso munthu wolemba pamanja amasankha pasiwedi yaifupi kuti asavutike poilemba pafoni.

Phunziro lomwe ndinatola pa LastPass ndi lakuti bokosi litha kubedwa lonse, ngakhale kwa kampani yaikulu, ndipo tsiku limenelo chotiteteza chimatsala chimodzi, pasiwedi yaikulu. Ikhale ya mawu asanu kapena kuposa, osagwirizana, osankhidwa mwachisawawa. Bungwe la boma la Britain loona za chitetezo cha pa intaneti, NCSC, limalangiza mawu atatu pa maakaunti wamba, koma pa kiyi wa bokosi aphunzitsi anati tipyole pamenepo. Isakhale vesi, isakhale mzere wa nyimbo ya kutchalitchi, mwambi, dzina la gulu, kapena dzina la mwana ndi chaka chobadwira. Tisadzinamize kuti poti n'Chichewa makompyuta sangachipeze. Baibulo lonse la Chichewa lili pa intaneti, ndipo chilichonse cholembedwa kale chitha kuikidwa pamndandanda woyesera.

Pamwamba pa pasiwedi yaikulu pakhale loko wachiwiri, kanambala kosintha komwe kamafunsidwa munthu akamalowa pafoni yatsopano. Anatilangiza kuti kanambalako kazichokera m'pulogalamu ngati Google Authenticator, osati pa SMS, chifukwa tonse tamvapo za anthu omwe nambala yawo inasamutsidwira pa simu ina iwo osadziwa. Dziwani kuti loko wachiwiriyu amaletsa mbava kulowa pakhomo la akaunti, koma sathandiza bokosi likabedwa ku kampani monga zinachitikira ku LastPass. Choncho sangalowe m'malo mwa pasiwedi yaitali.

Za pulogalamu yoti tisankhe, anatisonyeza zingapo. Ya Google ili kale m'mafoni a Android ndi mu Chrome, ndi yaulere, ndipo kwa membala payekha ndi poyambira pabwino. Vuto lake n'lakuti chitetezo chake chimatsamira pa akaunti ya Google ndi pa loko wa sikirini, pomwe mafoni athu timabwerekana, timawasiya kotchaja magetsi akazima, timawapereka kwa okonza pamodzi ndi nambala yotsegulira. 1Password ili ndi chitetezo chowonjezera, kiyi wa zilembo 34 wokhala pafoni panu yemwe kampani siimusunga, moti bokosi lobedwa silingatseguke ndi pasiwedi yokha. Koma imalipiridwa m'madola, ndipo mukudziwa momwe ndalama zakunja zikuvutira kuno. KeePass, yomwe inayamba mu 2003, imasunga zonse mufayilo yokhala pa chipangizo chanu, sifuna bandulo, sidalira kampani iliyonse. Imafuna munthu wakhama losunga kope lina la fayiloyo, apo ayi foni ikagwera m'madzi zonse zapita.

Ine ndikupempha kuti titenge Bitwarden. Ndi yaulere pa zomwe tikufuna, kapangidwe kake n'koonekera poyera kuti akatswiri ena azikafufuza, imalola anthu awiri kugawana bokosi limodzi popanda kulipira, aliyense ndi pasiwedi yake yaikulu, ndipo munthu amene analowa kale atha kuwerenga zomwe zili m'bokosi ngakhale netiweki itasowa. Sindikunena kuti iyo siingaberedwe. Ndikunena kuti tikonzekere ngati idzaberedwa. Anthu awiriwo akhale mlembi ndi msungichuma.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna komiti isachitenge mopepuka. Pasiwedi yaikulu ikaiwalika, kampani siingakubwezereni, poti siiidziwa. Palibe ofesi yoti mukadandaule ndi chitupa cha unzika m'manja. Ndipo imfa siipangana tsiku. N'chifukwa chake ndikupempha kuti pasiwedi yaikulu ya mlembi ndi ya msungichuma, pamodzi ndi manambala apadera otsegulira loko wachiwiri foni ikasowa, zilembedwe papepala, ziikidwe muenvelopu yomata yosainidwa ndi anthu atatu, n'kusungidwa ndi a Wapampando. Envelopu itsegulidwe pamaso pa komiti basi.

Zina zisalowe m'bokosimo n'komwe. PIN ya Airtel Money, ya Mpamba ndi ya khadi la ATM ndi manambala ochepa, zikhale m'mutu mwa mwini wake. Pa akaunti ya gulu ya ku banki, wosainira aliyense akhale ndi dzina lake lolowera ndi pasiwedi yake, asungire m'bokosi lake lapadera. Zikasakanizidwa m'bokosi logawana, munthu mmodzi atha kuyambitsa ndi kuvomereza yekha kutuluka kwa ndalama, ndiye lamulo lathu la osainira awiri lafa. Aphunzitsi anatinso chizolowezi chosintha pasiwedi mwezi uliwonse chinasiyidwa. Bungwe la miyezo la ku America, NIST, linalangiza zimenezi mu 2017 litaona kuti anthu amangosintha nambala yakumapeto. Pasiwedi isinthidwe wina akachoka m'komiti kapena tikakayika kuti yatuluka.

Mwachidule zina zija. Anatisonyeza webusaiti ya Have I Been Pwned, yomwe Troy Hunt wa ku Australia anaikhazikitsa mu 2013. Mumalembamo imelo yanu, imakuuzani ngati inapezekapo m'mindandanda yobedwa. Ndi yaulere, aliyense wokhala ndi imelo ayese. Anatchulanso ma passkey, njira yolowera ndi chala kapena nkhope popanda pasiwedi, yomwe Apple, Google ndi Microsoft analengeza mu 2022 kuti aikulitsa. Imeneyo tidzaiona tikazolowera izi. Pa malamulo anatikumbutsa za Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ndi Data Protection Act ya 2024, yomwe ikuyang'aniridwa ndi MACRA. Izi zikutikhudza chifukwa m'kaundula wathu muli manambala a zitupa, manambala a foni ndi ngongole za mamembala. Membala amene anatiuza mavuto ake pobwereka ndalama za fizi kapena za kuchipatala anatikhulupirira kuti nkhaniyo ikhala pakati pathu, ndipo lero ikutetezedwa ndi pasiwedi yomwe ili m'mafoni a anthu omwe sali m'komiti.

A Wapampando, ndikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu nkhaniyi ikhale yoyamba pandandanda. Koma kusintha pasiwedi ya imelo ndi ya Facebook kuti zisiyane kusadikire msonkhano. Mukandilola, ine ndi a Msungichuma tichita sabata ino, ndipo tidzatulutsa mafoni onse akale omwe akadali olowa m'maakauntiwo. Mamembala ofuna kuthandizidwa kuika pulogalamuyi pa maakaunti awoawo adzabwere ndi mafoni otchaja, bandulo ya tsikulo ndapempha kuti ichokere m'thumba la zochitika. Amene ali ndi mafoni amabatani asade nkhawa, kwa iwo sipasintha kanthu kupatula kusunga PIN yawo mwachinsinsi, ngakhale kwa munthu woimba foni n'kumati ndi wa ku kampani. Malisiti a ulendo ndi ndalama zotsala ndapereka kale kwa a Msungichuma.

Ine wanu,
Mlembi wa gulu