Zithunzi za agogo athu a ku Joni zisaolere m'masutikesi

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa danga. Ndine Mmalawi, telala, ndimakhala ku Mayfair kuno ku Johannesburg. Loweruka lapitali ndinapita ndi mwana wanga wa zaka khumi ku Workers' Museum, malo osungirako mbiri ya apantchito ku Newtown, ndipo chibwerere kumeneko mtima sunakhazikike.

Malowa anali komboni ya anthu akuda ogwira ntchito kukhonsolo ya mzinda, yomangidwa mu 1913. Mabedi ake ndi a simenti, ondondozana m'mbali mwa khoma. Nditaikapo dzanja, ndinamva kuzizira ngati mwala wa pamtsinje m'mwezi wa Juni. Mwanayo anandifunsa kuti, "Adadi, apa pamagona munthu?" Ndinamuuza kuti agogo anga anagonapo pa bedi lotere zaka zambiri m'komboni ya kumgodi. Iye anayamba kuyang'ana zithunzi zimene zili mmenemo chimodzichimodzi, nati ndimulozere amene ali agogowo. Ndinasowa chonena.

Chithunzi cha agogo chilipo, koma chili kwathu ku Ntcheu, m'sutikesi yachitsulo imene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Anajambulitsa m'situdiyo. Avala jekete lakuda, tayi ndi chipewa chopendekera pang'ono, dzanja limodzi atsamiritsa pampando, linalo alikweza kuti wotchi ioneke. Kumbuyo kwawo kuli nsalu yojambulidwa maluwa. Nsapato zikuwala, koma mukayang'anitsitsa zala mupeza kuti chimodzi n'chodukira pakati. Agogo aakazi ankati chithunzichi chinafika m'kalata, ndipo mudzi wonse unabwera kudzachiona. Lero ngodya imodzi inadyedwa ndi njenjete, ndipo kuseri kwake sikunalembedwe dzina kapena chaka. Amayi akadzatisiya, ndani adzadziwe kuti bambo wa chipewayu ndi ndani?

Zithunzi zambiri zakale za m'migodi zimene timaona zinajambulidwa ndi eni ntchito kapena alendo. Mmenemo agogo athu ali pamzera, opanda dzina, ngati matumba a chimanga. Ernest Cole, wojambula wakuda wa m'dziko lino, analowa mozemba m'malo oyezera anthu olembedwa ntchito ya kumgodi, n'kujambula amuna akuluakulu atavulidwa zovala zonse, manja ali m'mwamba, akudikira dokotala. Chithunzi chimenecho n'choona ndipo dziko linayenera kuchiona. Koma munthu yemweyo Lamlungu ankasamba, kubwereka jekete kwa mnzake, kulipira ndalama yake yovutikira kuti ajambulidwe mmene iye ankafunira kuti kwawo amuone. Kwa ine chithunzi chachiwirichi ndi mawu a mwini wake. Santu Mofokeng, wojambula wina wa m'dziko lino, anazindikira zimenezi, n'chifukwa chake anayenda m'makomo a anthu kusonkhanitsa zithunzi za mabanja akuda zojambulidwa pakati pa 1890 ndi 1950, n'kumafufuza mayina a anthu ali mmenemo. Ife Amalawi tikudikira ndani?

Mbiri yathu mumzinda uno si ya dzulo. Golide atapezeka mu 1886, migodi inafuna manja, ndipo Wenela, bungwe lopezera migodi antchito, inafika mpaka ku Nyasaland kukalemba anthu. Ochokera kumaiko otentha anafa ambiri ndi chibayo m'makomboni, moti mu 1913 boma la kuno linaletsa kulemba anthu akumtunda kwathu. Anthu sanasiye kubwera. Ankayenda okha wapansi, ulendo umene akuluakulu ankautcha wa selefu. Ngakhale Kamuzu ali mnyamata anatsika wapansi, nadzagwira ntchito pamgodi wina cha ku Boksburg.

Ndipo sitinabwere kudzangokumba. Clements Kadalie, wa ku Chifira ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, ndiye anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo pambuyo pake likulu lake linasamukira kuno ku Johannesburg. Mnyasa ameneyu anagwedeza South Africa yense ANC isanakhale ndi mphamvu zimene tinadzaiona nazo. Ndafunsapo anyamata amene ndimasoka nawo ngati anamumvapo, onse anapukusa mutu. Mu Ogasiti 1946 anthu a m'migodi oposa 60,000 ananyanyala ntchito motsogozedwa ndi J.B. Marks, kufuna mashereni 10 patsiku. Apolisi anawombera, ena anafa, ovulala anaposa 1,000. Anthu akwathu anali m'makomboni masiku amenewo, koma amene anaona ndi maso awo atha kale, ndipo zimene ankakamba pamoto sitinazilembe.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha pa 4 Epulo 1974. Ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo atamaliza kontirakiti. Kamuzu anaimitsa zolemba anthu opita kumigodi, pamene Amalawi oposa 100,000 anali pantchito kuno. Anthu 74 aja anali ndi akazi, ana, mbumba zawo. Ndikhulupirira kuti ambiri mwa iwo anajambulitsapo, ndipo zithunzi zawo zili m'midzi mwathu mpaka lero, zina m'Baibulo, zina m'thumba la shuga pansi pa matiresi. Koma nkhope zawo sitinazionepo pamalo amodzi. Achinyamata amakwera mabasi pa Wenela mu Blantyre osadziwa kuti dzinalo linachokera kuti.

Pempho langa ndi ili. Amene muli kumudzi, tsegulani masutikesi aja agogo akadali moyo. Khalani nawo pakhonde, afunseni kuti uyu ndani, anali mgodi uti, anapita liti, anabwerera kapena anasanduka mtchona. Lembani kuseri ndi pensulo, chifukwa inki imalowerera n'kuwononga nkhope. Chijambuleni ndi foni panja pamthunzi, mutumizire abale. Musataye zitupa, timabuku ta malipiro ndi nambala za ntchito. Mapepala omwewo angathandize amene anadwala chifuwa cha m'migodi ya golide, kapena amasiye awo, pofunsa chipukutamisozi ku Tshiamiso Trust, imene inakhazikitsidwa makampani a migodi atavomera kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni.

Ife a kuno tili ndi mabungwe a maliro, mipingo ndi mizikiti, ndipo timadziwa kusonkha mnzathu akamwalira kuti thupi lipite kwathu. Mabungwe omwewa angathe kusonkhanitsa zithunzi, kuzisindikiza, n'kubwereka holo ku Mayfair kapena ku Yeoville kwa tsiku limodzi kuti ana athu obadwira kuno adzaone. Tikatero tingagogode pakhomo la anthu a Market Photo Workshop, sukulu ya kujambula zithunzi komweko ku Newtown, kuti atiphunzitse kasungidwe kake. Inunso a Mkonzi, tipatseni kagawo kakang'ono sabata iliyonse, chithunzi chimodzi ndi mizere isanu ya mbiri ya mwini wake.

Ine ndayamba. Ndaimbira mchemwali wanga ku Ntcheu, watulutsa chithunzi chija, ndipo amayi anamuuza dzina la mgodi ndi la mnzawo wa agogo amene anawabwereka wotchi. Ndikangoona mwatsegula gawolo, choyamba kukufikani chidzakhala chimenecho.

Ine wanu,
Mdzukulu wa wa ku Wenela
Mayfair, Johannesburg