Tisawasiye okha akalaliki okana kubera pa sikelo

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za anyamata ndi atsikana amene amalembedwa ntchito yogula mbewu kuno ku Chigwa cha Shire, makamaka thonje ndi chitowe, m'misika ya ku Ngabu, Bangula ndi madera ena a Chikwawa ndi Nsanje. Ambiri mwa iwo ndi anthu opemphera. Ena amaimba kwaya, ena Lachisanu amakhala ali kumzikiti. Koma ntchito yawoyi ili ndi mpikisano woti munthu akapanda kulimba mtima amapezeka wayamba kuba.

Ogula ndi ambiri, mbewu ndi yochepa, ndipo kalaliki amayamikiridwa potengera matani amene wabweretsa. Apa ndi pomwe pamayambira kudya makilo. Sikelo amaikonza kuti thumba lililonse lizipepukako, kapena thonje loyera bwino la giredi A amalilemba B. Mlimi waima pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, wabwera pa ngolo kuyambira mbandakucha. Sangabwerere nalo kumudzi chifukwa ngongole ya mbewu ndi mankhwala opopera ikumudikira. Mayi amangoyang'ana nambala ija, kumanga ndalamayo kunsonga ya chitenje, n'kumapita. Ena mwa alimi amenewa ndi omwe aja namondwe wa Freddy anawakokolera minda ndi ziweto mu 2023, ndipo mpaka lero sanaimebe bwino.

Alipo akalaliki amene amakana, ndipo ndawaona ndi maso anga. Anzawo amawatcha “abusa” mowanyoza, n'kumawauza kuti za Mulungu n'za Lamulungu, pano ndi pantchito. Nyengo yotsatira dzina lawo silipezeka pamndandanda wa olembedwa. Kunyumba nako kulibe mtendere: “Mnzako uja wagula njinga yamoto, iwe wabwerako ndi chiyani?”

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ife opemphera nawo timawasiya okha. Miyambo 11:1 imanena poyera kuti muyeso wonyenga umamunyansa Mulungu, ndipo Korani nayo, mu sura 83, imachenjeza anthu opungula muyeso. Komatu ulaliki wa sikelo sitiumva kawirikawiri. Wobwera ndi chopereka chachikulu timamuombera m'manja osafunsa komwe chachokera, pomwe wachotsedwa ntchito chifukwa cha chilungamo uja wakhala kumbuyo, palibe ndi mmodzi yemwe womufunsa ngati ana ake adya. Wachinyamata akaona zimenezi, tikuganiza kuti asankha njira iti?

Abusa, mashehe ndi akulu a mpingo, muwadziwe anthu amenewa. Muwayendere, ndipo mukamva kuti penapake pakufunika munthu wokhulupirika, mutchule maina awo. Inunso mabwana, musamangowerenga matani. Funsani alimi kuti ndi kalaliki uti amene amamukhulupirira, chifukwa mlimi woberedwa chaka chino amakagulitsa kwina chaka chamawa, kapena kungosiyiratu thonje.

Ndikupemphanso a Malawi Bureau of Standards ndi a Cotton Council of Malawi kuti msika ukatsegulidwa azifika mpaka m'misika ya kumidzi, mosalengeza, kudzayesa masikelo alimi akuona. Sikelo zonse zikakhala zoona, kalaliki woopa Mulungu adzapikisana ndi anzake popanda kuuzidwa kuti asankhe pakati pa ntchito ndi chikumbumtima chake.

Wowerenga wanu,
Ngabu, Chikwawa