Foni ikumbutsenso tsiku lokatenga mankhwala a BP

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri timangowatchula kuti BP, makamaka pa ganizo loti foni za m'manja zizikumbutsa odwala nthawi yomwera mankhwala. Ndikulemba monga mwana amene wakhala akuyang'anira mayi ake kwa zaka zinayi chiwapezereni matendawa.

Kuipa kwa BP n'kwakuti imadya munthu mwakachetechete. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Ngakhale amene adziwa n'kuyamba mankhwala, kumwa tsiku ndi tsiku kumawavuta, chifukwa munthu amene sakumva kupweteka paliponse saona chifukwa chomezera piritsi m'mawa uliwonse.

Mayi anga amamwa mankhwala a BP otchedwa hydrochlorothiazide ndi amlodipine. Nditawagulira foni yamakono, ndinawatchera alamu ya 6 koloko m'mawa n'kulembapo kuti "Amayi, imwani mankhwala." Sabata yoyamba zinayenda bwino. Kenako ndinazindikira kuti foni ikalira iwo amakhala ali panja akusesa, ndipo amalowa, kuithimitsa, n'kubwerera ku tsache lawo poganiza kuti amwa akamaliza. Pofika masana amakhala aiwala. Tinasuntha alamuyo kuti izilira nthawi ya tiyi, mankhwalawo n'kumawasunga pambali pa chitini cha shuga, ndipo kuchokera pamenepo kuiwala kunachepa kwambiri. Ntchito imeneyi ngakhale foni ya mabatani imaigwira bwinobwino, ndipo batire lake limapirira magetsi akazima, choncho pasakhale wonena kuti njirayi ndi ya anthu a ndalama okha.

Komabe kuiwala sindiko kokha kumene kumadumphitsa anthu mankhwala. Tsiku la maliro kapena la ulendo wautali wa pa minibasi, mayi anga ankasiya dala hydrochlorothiazide chifukwa amakodzetsa pafupipafupi, ndipo ankachita manyazi kuimitsa galimoto panjira. Mnzawo wina wa kumvano anasiya mankhwala ena a BP otchedwa enalapril chifukwa cha chifuwa chouma chosatha, osadziwa kuti dokotala akanatha kumusinthira mtundu wina. Enanso akayezedwa n'kumva kuti BP yatsika pansi pa 140/90, amati achira, pomwe chimene chaitsitsa ndi mankhwala omwewo, ndipo akawasiya imakweranso mpaka kudzetsa sitiroko kapena kuwononga impso. Anthu oterewa alamu ikalira amangoithimitsa mtima uli m'malo. Chimene akusowa ndi munthu wowafotokozera.

Ku Cape Town, m'dziko la South Africa, kunachitika kafukufuku wotchedwa StAR, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Mwa odwala BP 1,372 amene anatengapo mbali, ena ankalandira mauthenga a SMS owakumbutsa ndi kuwaphunzitsa za matendawa. Patatha chaka, amene ankalandira mauthenga ankakatenga mankhwala awo mokhulupirika kuposa anzawo, koma BP yawo inatsikirapo pang'ono chabe, ndi pafupifupi 2 mmHg (muyeso wa BP) poyerekeza ndi ya anzawo. Ine ndikuona kuti phindu lenileni la foni lagona pamenepo, pa kukumbutsa tsiku lobwerera ku chipatala, chifukwa mpata woopsa kwambiri ndi uja wa sabata ziwiri kapena zitatu pamene mankhwala atha m'nyumba, munthu n'kumati apita akapeza ya thiransipoti. Tsiku limeneli anamwino amalilemba m'kabuku ka kuchipatala, koma kabukuko kamakhala pansi pa sutikesi, ndipo okalamba ambiri sangathe kuwerenga zolemba za madokotala.

Pempho langa kwa a Unduna wa Zaumoyo n'lakuti pa kiliniki ya BP pazikhala munthu, ngakhale mlangizi wa zaumoyo, wothandiza wodwala aliyense kutchera alamu ziwiri asanatuluke: ya tsiku ndi tsiku, ndi ina yolira patatsala masiku atatu kuti mankhwala athe. Ndikupemphanso kuti Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka pothandiza amayi oyembekezera ndipo anthu anachizolowera kale, chizitumiza mauthenga a m'Chichewa ndi m'zilankhulo zina kwa odwala BP amene avomera, ofotokoza zoyenera kuchita mankhwala akamawasowetsa mtendere.

Koma tisanamizane, Akonzi. Mwezi wa February chaka chino foni inalira pa tsiku lake, mayi anga anadzuka m'mamawa, anakhala pa mzere mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndipo atafika pa zenera la mankhwala pa chipatala china chimene sindichitchula, anauzidwa kuti amlodipine watha, akagule ku famase. Anabwerera chimanjamanja. M'mawa mwake alamu inaliranso nthawi ya tiyi, ndipo kwa masiku asanu ndi limodzi, mpaka pamene ndinalandira malipiro n'kukawagulira, ankangoiyang'ana n'kuithimitsa.

Ine wowerenga wanu,
wa ku Chinamwali, Zomba