Ophunzira olowera pakati pa digiri apatsidwe mlangizi ndi ndondomeko yolembedwa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za ophunzira amene satchulidwa kawirikawiri tikamakamba za sukulu za ukachenjede m'dziko muno. Ndikunena mphunzitsi wa dipuloma ya ku Domasi amene akufuna digiri, mlangizi wa zaulimi amene anaphunzira ku Natural Resources College, namwino amene wagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha kumudzi, komanso mnyamata kapena mtsikana amene wachoka pa yunivesite ina kupita pa inzake chifukwa fizi yamukulira kapena banja lake lasamuka. Onsewa amafika ali ndi maphunziro kale, ndipo chimene chimawasowetsa tulo ndi kudziwa kuti pa zimene anaphunzirazo ziwerengedwa ndi ziti, nanga atsala ndi zaka zingati kuti amalize. Maganizo anga ndi akuti yankho la funso limeneli liziperekedwa molemba, losainidwa ndi mkulu wa nthambi, wophunzira asanalipire ngakhale tambala imodzi.

Amene sanadutsemo angaone ngati nkhaniyi ndi yaing'ono, koma digiri ili ndi kamangidwe kake. Madigiri ambiri kuno ndi a zaka zinayi, ndipo makosi ake ndi olumikizana: pali kosi ya chaka chachitatu imene munthu saloledwa kuitenga asanakhoze inzake ya chaka chachiwiri, komanso makosi ambiri amaphunzitsidwa kamodzi kokha pa chaka. Amene anayamba chaka choyamba pa sukulu yomweyo amangoyenda ndi anzake, sasochera. Amene wangouzidwa pakamwa kuti ayambire chaka chachitatu amakhala akuyenda yekha, ndipo ngati pali kosi imodzi ya m'munsi imene dipuloma yake sinakhudze, nthawi zambiri zimenezi zimadziwika mochedwa, pamene ofesi ikuwerengetsa magiredi a oyenera kulandira digiri.

Mphwanga wina zinamuchitikira pa yunivesite ina imene sinditchula dzina. Anauzidwa ali m'semesita yomaliza kuti akusowa kosi ya njira zochitira kafukufuku, ndipo kosiyo inali itaphunzitsidwa kale semesita yapitayo. Anadikira chaka chathunthu chifukwa cha kosi imodzi. Tchuthi chokaphunzira chimene anapatsidwa ku ntchito chinali chitatha, lendi ya nyumba sinaime, ndipo ana ake nawonso ankafuna fizi. Palibe amene anamuchitira nkhanza mwadala. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi wokhala naye pansi tsiku loyamba, kuyala chikalata cha magiredi ake pambali pa ndandanda wa makosi a digiriyo, ndi kumulembera kuti semesita iyi utenga izi, inayo utenga izo mpaka kumaliza.

Vutoli likukula chifukwa masukulu achuluka. M'chaka cha 2021 University of Malawi inagawidwa: Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la UNIMA. Tikawonjezera LUANAR, Mzuzu University ndi MUST, mayunivesite a boma alipo asanu ndi limodzi, iliyonse ndi malamulo ake a maphunziro, osawerengera a mipingo ndi a anthu wamba. Kuchuluka kumeneku ndi chinthu chabwino, koma kukutanthauzanso kuti anthu odumpha kuchoka pa sukulu ina kupita pa ina azichulukirachulukira.

Mayiko ena anakumana nazo kale zimenezi. Ku United States, kumene ophunzira ambiri amayambira ku makoleji a zaka ziwiri asanapite ku yunivesite, ofesi ya boma yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, GAO, inapeza m'lipoti lake la 2017 kuti osamukawo ankataya pafupifupi makirediti (muyeso wa maphunziro amene munthu wakhoza) 43 pa 100 aliwonse amene anali atapeza kale. Chigawo cha California chinakhazikitsa lamulo mu 2010 lakuti womaliza digiri yapadera ya zaka ziwiri yosamukira apatsidwe malo mu California State University ngati wophunzira wa chaka chachitatu, ndipo kumeneko aliyense angathe kuona pa intaneti kuti kosi yakuti ya pa koleji yake ikufanana ndi kosi iti ya pa yunivesite. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amakaphunzira, lamulo limanena poyera kuti makirediti otengedwa pa maphunziro amene munthu anamaliza kale asapitirire theka pamene akuwerengedwa pa maphunziro ena. Munthu angatsutse kuti theka lachepa, koma chachikulu ndi chakuti wophunzira amadziwiratu pamene waima asanagulitse mbuzi zake.

Sindikunena kuti yunivesite izivomera chilichonse chimene wophunzira wabweretsa. Makosi awiri angakhale ndi dzina limodzi koma wina n'kukhala wozama pamene mnzake anangopapasa pamwamba, ndipo sukulu ili ndi udindo woteteza ulemu wa digiri yake. N'chifukwa chake ntchito ya ulangiziyi siyenera kusiyidwa m'manja mwa kalaliki wa pa windo, amene angathe kulandira mafomu koma sangaweruze zamkati mwa kosi. Ikufunika mphunzitsi wa m'nthambi yomweyo, wodziwika dzina lake ndi maola amene amapezeka, ndiponso wochepetseredwa ntchito zina kuti aipeze nthawi. Akakana kosi, alembe chifukwa chake, ndipo wophunzira akhale ndi kokadandaula. Chigamulo chikaperekedwa kamodzi pa dipuloma ya pa koleji inayake, chisungidwe ndi kuikidwa poyera, kuti anthu awiri a dipuloma yofanana asamalandire mayankho osiyana malinga ndi amene anamupeza mu ofesi tsikulo.

Ophunzira nawonso ali ndi mbali yawo. Asataye mapepala ofotokoza zamkati mwa kosi iliyonse imene anaphunzira, pakuti chikalata cha magiredi chimangoonetsa dzina la kosi ndi giredi basi, ndipo woweruza amafuna kuona mitu imene inaphunzitsidwa ndi maola ake. Afunsenso ngati pulogalamu yeniyeniyo, osati sukulu yokha, inavomerezedwa ndi bungwe la National Council for Higher Education (NCHE), chifukwa makosi a pulogalamu yosavomerezedwa ndi ovuta kuti sukulu ina iwawerenge. Amene akudalira ngongole ya ophunzira afunsiretu ku bungwe lopereka ngongolezo za mmene kusamukako kungakhudzire thandizo lawo.

Pempho langa lalikulu likupita ku bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziyang'anira masukulu a ukachenjede. Pamene akuluakulu ake akuyendera yunivesite kuti aivomereze, amaona zipinda zophunziriramo, mabuku ndi maphunziro a aphunzitsi. Ndikupempha kuti aziitanitsanso mafayilo a ophunzira olowera pakati, aone ngati mu fayilo iliyonse muli kalata yonena makosi amene anawerengedwa, makosi otsala, semesita imene iliyonse itengedwe, ndi dzina la mlangizi amene anasaina.

Kholo lokhudzidwa,
Zomba