Lipoti la msonkhano wa alimi a ng'ombe za mkaka: waya wamagetsi pa nkhuti ya sayileji

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano uja, ndiye lipoti lake ndi ili. Malisiti a ulendo ndi alawansi ndinapereka kale kwa a Msungichuma, wofuna kuwaona akaone. Zokamba za kasungidwe ka mabuku ndi ngongole zinali zomwe timamva chaka ndi chaka, za katemera anangotikumbutsa nthawi zake. Chimene chinandigwira mtima, ndipo ndikuti ulendowu sunapite pachabe, ndi zimene anationetsa pa famu: ng'ombe kudzidyera zokha sayileji (chimanga chachiwisi chodulidwa n'kusungidwa motsendera) pa nkhuti, wopanda munthu wotapa ndi wilibala.

Nkhuti yake ndi ya pamtunda, zipupa mbali ziwiri, pansi pa konkire. Amatsegula kumapeto kumodzi, ng'ombe n'kumazula zokha pa khoma la sayileji. Koma mukangozisiya choncho zimakumba mphanga, kukwera pamwamba, n'kupondereza chakudya m'ndowe. Ntchito ya waya ndi imeneyo. Amakhoma ndodo zachitsulo m'sayileji momwemo, chopingasa, kumapeto kwake n'kuika timapulasitiki totchinga magetsi, waya wosalala n'kudutsa pamenepo kuchokera chipupa ichi kukafika icho. Kwa ng'ombe zazikulu wayayo amakhala pafupifupi masentimita 90 kuchokera pansi, ndipo amatalikirana ndi khoma masentimita 30 mpaka 45. Ng'ombe imadya pamwamba ndi pansi pa waya, koma thupi silidutsa. Zikadya, mumangokhomera ndodozo m'kati, waya n'kusendera. Waya waminga ayi ndithu: ng'ombe ikakodwa, magetsi amangoimenyabe ikulephera kuchoka.

Magetsi amachokera ku kabokosi kotchedwa enejaiza, koyendera batire ya mavoti 12 kapena sola, ndipo amagunda pafupifupi kamodzi pa sekondi. Apa panali mtsutso. Ena amati gulani champhamvu chomwe chimatchinga munda wonse. Ine ndili kumbali ya amene amati kakang'ono n'kokwanira. Ng'ombe yoima pa konkire yonyowa imamva magetsi kwambiri, ndiye ikamenyedwa mwamphamvu, makamaka yamantha, imasiya kufika pa nkhuti, mkaka n'kutsika inu osadziwa chifukwa. Ng'ombe zosazolowera muyambe mwaziphunzitsa waya pabwalo lotambalala. Chitsulo chobwezera magetsi pansi chilowe mita imodzi m'dothi lachinyezi, apo ayi waya amangokhala ngati chingwe choyanikira zovala. Sayileji yogwera pa waya imabanso mphamvu, choncho m'mawa uliwonse wina ayang'ane.

Anationetsanso chotchinga chachitsulo chokhala ndi mipata yolowetsa mutu, m'munsi mwake muli thabwa lotchinga kuti zogwa zisapite kumapazi. Chimenechi chimasunga bwino chakudya ndipo sichidalira batire, koma n'cholemera, kusuntha kwake kumafuna anthu angapo, ndipo chikapanda kumangidwa zolimba ng'ombe zimachikankha. Za nyanga zimakodwanso m'mipatamo. Kwa ife waya ndiye wotheka.

Miyeso ndi imene imapha kapena kuchiritsa njirayi, ndiye mvetsetsani. Khoma la sayileji lisapitirire mamita 1.8 kutalika, kwa ng'ombe zazing'ono lichepe kuposa apo. Likatalika, zimadya m'munsi, pamwamba n'kutsala lendelende, tsiku lina n'kugumukira ng'ombe. Ngati lapitirira, zapamwambazo muzidula n'kuzipereka padera. M'lifupi, ng'ombe iliyonse ikhale ndi masentimita 20 ngati nkhuti ili yotsegula usana ndi usiku, chifukwa zimadya mosinthana. Mukamatsegula maola ochepa okha, zonse zimafuna kudya nthawi imodzi, ndiye iliyonse imafuna masentimita 60 kapena kuposa, kupanda apo zamphamvu zimakhuta, zofooka n'kugona ndi njala. Komanso khoma liziyenda masentimita osachepera 15 pa tsiku, nyengo yotentha kuposa apo, chifukwa sayileji ikakhalitsa pa mpweya imatentha n'kuchita nkhungu.

Tiyese masamu. Ng'ombe 40, iliyonse kudya makilogalamu 30, ndi makilogalamu 1,200 pa tsiku. Sayileji yotsendereka bwino imalemera pafupifupi makilogalamu 650 pa kiyubiki mita. Khoma la mamita 8 m'lifupi ndi 1.5 kutalika liziyenda masentimita 15 pa tsiku, ndipo ng'ombe iliyonse ipeza masentimita 20 ake. Zonse zikugwirizana. Ng'ombe zikakhala 20 pa khoma lomwelo, liziyenda masentimita osakwana 8 pa tsiku, chakudya n'kumayamba kuwonongeka zisanachifike.

Ndipamene nkhani ikufika pa khola lathu. Nkhuti yathu ndi dzenje lakuya, potsikira pake n'potsetsereka, pansi n'dothi. Mukalowetsamo ng'ombe, mikodzo ndi ndowe zonse ziziyenderera kupita ku chakudya. Pansi pamafunika konkire yopendekeka kuchoka ku khoma, pafupifupi masentimita 2.5 pa mita iliyonse, yomapalidwa tsiku ndi tsiku. Pamene timakumba dzenjelo ena tinapempha nkhuti ya pamtunda, tinauzidwa kuti simenti ndi kuwononga ndalama. Lero tikulipira aganyu otapa chaka chonse, ndipo palibe wa komiti amene anabwera ndi chiwerengero cha ndalama zimenezo ngakhale tinachipempha pa msonkhano waukulu. A Wapampando, ndi ulemu wonse, chiwerengerocho tikuchifunabe.

Chinanso ndi makina odulira amene akhala ofa, mpaka tinadula ndi zikwanje. Sayileji ya zidutswa zazitali sitsendereka, ndipo ng'ombe imavutika kuizula. Ng'ombe zazikazi zapakati pa chaka chimodzi ndi theka ndi zaka ziwiri ndi theka zimakhala zikugulula mano akutsogolo, ndiye pa khoma lolimba zimalephera n'kuyamba kuwonda. Zimenezo zizidyera padera m'chodyera. Pepala la pulasitiki lapamwamba muzilipindira m'mbuyo pang'onopang'ono lisafikiridwe, chifukwa zimalimeza. Matayala otsendereza nawo achotsedwe msanga, timawaya take tikagwera m'chakudya timakabaya m'mimba. Madzi akumwa akhale pafupi, ndipo usiku pakhale nyali.

Ndamva kale ena akuti magetsi apha ng'ombe zathu. Enejaiza yeniyeni siipha, imangodzidzimutsa. Choopsa ndi kulumikiza waya ku magetsi a m'nyumba mwachindunji, zimenezo zimapha ng'ombe ndi munthu yemwe, ndipo aliyense asayerekeze.

Pempho langa n'lakuti waya tisagule kaye. Pa msonkhano ukubwerawu tiyambe tawerenga ng'ombe zimene zidzadyere pamodzi, m'lifupi mwa nkhuti yatsopano muchokere pa chiwerengero chimenecho, ndipo makina odulira akonzedwe chimanga cha sayileji chisanafike podula.