Asanatchedwe wamisala kapena mfiti, ayambe wapimidwa m'thupi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za anthu awiri amene timafulumira kuwagamula pakhomo: mwana amene wasintha khalidwe atadwala, ndi gogo amene wayamba kubwebweta. Mwanayo timati wayamba mwano, gogoyo timati wapenga kapena akutamba. Nthawi zambiri gwero lake limakhala m'thupi, ndipo achipatala angathe kulipeza.

Kwa ana kuno kwathu, vuto lalikulu ndi malungo a muubongo. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anatuluka mu 2010, anatsatira ana 132 amene anapulumuka ku malungowa. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anatsala ndi vuto: ena khunyu, ena kufooka ziwalo kapena kuvutika kulankhula, ena ukali ndi kusakhazikika. Khunyu linkagwira kwambiri ana amene thupi linatentha kopitirira komanso amene ankakomoka ngati akhunyu ali m'chipatala. Choipa chake, mavutowa saonekera onse tsiku lotuluka. Papita miyezi, makolo aiwala za malungo aja, ndiye mwana wayamba kumenya anzake ndi kudzuka m'kalasi aphunzitsi ali pabolodi. Apa chikwapu sichithandiza.

Matenda oumitsa khosi, kuchedwa kulira pobadwa, chikasu chachikulu cha wakhanda, kunyentchera ndi kuvulala m'mutu zimavulazanso ubongo. Ngakhale mankhwala a khunyu a phenobarbitone amachititsa ana ena kukhala osakhazikika. Koma musawasiyitse nokha, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kukomoka koopsa. Kauzeni dokotala aone ngati angasinthe.

Kwa okalamba, funso loyamba ndi lakuti: zayamba liti? Matenda oiwalaiwala amabwera mwakachetechete, kwa miyezi kapena zaka. Koma gogo amene dzana amapala moto bwinobwino, lero sakuzindikira mdzukulu, akutolatola bulangete ngati muli nyerere, m'mawa ali bwinoko koma madzulo zafika poipa, ameneyo wadwala mwadzidzidzi ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ena sachita phokoso n'komwe, amangoti zii n'kumagona, ndipo awa ndi amene timachedwa nawo.

Zoyambitsa zake ndi zodziwika: chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, malungo, kuchepa kwa madzi m'thupi, kudzimbidwa, mkodzo kutsekeka mwa abambo, ndi sitiroko. Dziwani kuti wokalamba angathe kukhala ndi chibayo thupi osatentha. Mankhwala nawonso amasokoneza: Piriton, diazepam ndi amitriptyline amabalalitsa mutu wa munthu wamkulu chifukwa chiwindi ndi impso zake zimachedwa kuwachotsa. Mankhwala a matenda a shuga a glibenclamide amatsitsa shuga mopitirira ngati munthu wamwa koma osadya. Wozolowera kachasu akasiya mwadzidzidzi, angathe kuyamba kunjenjemera ndi kuona zinthu zoti palibe m'kati mwa masiku 2 kapena 3. Ng'ala ndi kugontha zimangowonjezera moto, pakuti amene saona kapena kumva bwino sachedwa kuganiza kuti akunenedwa.

Popita kuchipatala tengani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa, ogula pagolosale ndi azitsamba omwe. Nenani tsiku limene kusinthaku kunayamba, ndipo ngati ndi mwana, tchulani matenda aakulu onse amene anadwalapo chibadwire. Pemphani kuti ayezedwe malungo, shuga, mkodzo ndi BP. Ngati gogo wa shuga akutuluka thukuta ndi kulankhula zosamveka koma akutha kumeza, sungunulani masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'kapu ya madzi amwe, kenako ulendo. Wokomoka musamuthire kanthu m'kamwa, mugonekeni cham'mbali. Ndipo chonde, musamumange zingwe; mantha amangokula.

Mafumu athu akumbukire kuti lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Kwa a Unduna wa Zaumoyo, pempho langa ndi lakuti mwana aliyense wotuluka m'chipatala atadwala malungo a muubongo azilemberedwa m'buku masiku obweranso kudzaonedwa, ndipo zipatala zing'onozing'ono za kumidzi zisamasowe zoyezera shuga.

Wogwira ntchito zaumoyo,
Zomba